Kuperekeza Bwana Chizika

Dziko la Khalanipansi musavutike kulifunafuna, ndipo wina akakufunsani kuti lili kuti, muziyankha kuti simudziwa. Kuloza malo ndi chala kwasowetsa anthu ambiri pogona.

Ufumu umenewu unaliko kale, mvula isanaphunzire kunama. Mfumu yake inali Sindikana, munthu wonenepa bwino, wosekaseka, amene chibadwire sanauzepo munthu kuti ayi. Anthu ake ankatchuka ndi chinthu chimodzi: ulemu kwa alendo. Mlendo ankapatsidwa nyumba, madzi osamba ndi nkhuku, ndipo kumufunsa kuti "mupita liti?" unali mlandu wolipira mbuzi. Koma musawayese opusa. Anali nayo njira yochotsera mlendo wokhalitsa: ankamuperekeza. M'mawa wina ankangofika, kumunyamulira katundu, kuyenda naye akuseka mpaka kunja kwa mudzi, kenako kuima, kuwomba m'manja, n'kunena kuti, "Ife tibwerera pompano." Mlendo aliyense woleredwa ndi mayi ankamva, n'kupitirira yekha.

Ntchito imeneyi inali ndi mwini wake, Mperekezi wa Alendo a Mfumu, dzina lake Kaphesi. Anali munthu wowonda, wa miyendo ngati ya kakowa, wa pakamwa potsekemera. Anaperekezapo amalonda a mchere, asing'anga, ngakhale mlamu wa mfumu amene anatsala pang'ono kugwetsa nkhokwe ndi kudya, ndipo palibe amene anabwerera. Kaphesi anali mkamwini ku mudzi wa Madimba, kumapeto kwenikweni kwa dzikolo, kumene anakwatira Mwatitha, mwana wa aNangondo. Kumeneko zake zinali khasu ndi mphasa basi. Dimba lobiriwira la m'mbali mwa mtsinje, limene linkadyetsa banja lonse chilimwe ndi dzinja, linali la apongozi akewo.

Tsono tsiku lina kunafika mlendo wa khungu ngati la khanda longobadwa, atanyamulidwa m'machila ngati wodwala pamene anali bwinobwino. Anati wachokera kutsidya kwa nyanja yamchere, ku dziko la Tengatenga, ndipo wabwera kudzathandiza.

"Kudzatithandiza chiyani, mlendo wanga?" inafunsa mfumu.

"Mudzadziwa ine ndikatha," anayankha ndi chilankhulo chake chopunduka.

Chenjerani naye mlendo amene mukumulonjera iye maso ali kumapiri. Koma Sindikana anangoseka, n'kumupatsa nyumba yabwino. M'mawa mwake mlendoyo anazika mtengo wautali pakhomo, n'kumangirirapo nsalu ya mawangamawanga. Ena anadabwa, koma mfumu inati, "Musiyeni, akuyanika." Nsalu ija sinaume mpaka mvula inagwa, mapira anacha, mvula ina inagwanso. Anthu anamva pambuyo pake kuti dzina lake ndi mbendera, ndipo mwini wake anamupatsa dzina lakuti Chizika.

Nkhuku za kulikulu zitayamba kuthawira kuphiri zikaona utsi, mfumu inaitanitsa bwalo. Nduna yaikulu, a Vomerani, inaimirira n'kulankhula kuyambira dzuwa lili pamapewa mpaka lili paliwombo. Inatamanda mphuno ya mlendo, inatamanda mimba ya mfumu, inatamanda makolo amene anabala makolo, kenako inati ikugwirizana ndi zimene mfumu iti inene.

"Ndiye mwanena bwino," inatero mfumu. "Kaphesi, mlendo wathu aperekezedwe."

Kaphesi anagwira ntchito yake mwaluso. Anasonkhanitsa amuna onyamula machila, anaimbitsa nyimbo, anayenda ndi mlendo mpaka pa phiri la Nkhwazi. Pamenepo anaima, anawomba m'manja.

"Bwana, ife tibwerera pompano."

Chizika anatsika, anayang'ana uku ndi uku, anafunsa dzina la phirilo. Atauzidwa anapukusa mutu.

"Ayi. Ine ndalitulukira phiri ili. Lero dzina lake Phiri la Azakhali Anga."

Anazika mtengo wina, anamangirira nsalu ina, anakweranso m'machila.

"Zikomo, Kaphesi. Iwe wondionetsa malo wabwino. Tibwerere. Mawa kwina."

Kaphesi anauza onyamula machila kuti atembenuke. Chibadwire anali asanaonepo mlendo woperekezedwa akubwerera pamodzi ndi omuperekeza, komanso atawakwera pamapewa.

Nkhani inafika kumsika iye asanafike.

"Mwamva, amayi? Phiri latulukiridwa," anatero wogulitsa mphasa.

"Phiri liti?" anafunsa mayi wina woweta mbuzi.

"La Nkhwazi lomweli."

"Ha! Ndiye mbuzi zanga zaka zonsezi zimadya pa chiyani?"

"Zimadya m'malere, mayi. Zithokozeni kuti sizinagwe."

Kuseka kotereku kumafuna kuyang'ana kumbuyo poyamba. Amene amaseka osayang'ana kumbuyo ndi amene amakagona kumene sanayale.

Bwalo linakumananso. Kaphesi anagwada n'kufotokoza zonse, ndipo mfumu inamvetsera ikugwedeza mutu.

"Cholakwa n'chathu," inatero. "Munthu wochokera kutsidya kwa nyanja mungamusiye pa phiri la pakhomo ngati wabwera kudzapempha moto? Wakhumudwa. A Vomerani, lengezani: mlendo wochokera kutali aperekezedwe kutali."

A Vomerani analengeza, ndipo anawonjezera okha kuti aliyense wonena kuti mlendoyu sakuchoka ndi mdani wa ulemu.

Choncho Kaphesi anamuperekeza kum'mawa, mpaka ku dambo la njati. Chizika analitulukira, analitcha dzina la galu wake amene anafera kwawo, anazika mtengo. Anamuperekeza kumadzulo, ku mathithi kumene amayi ankachapa, ndipo anawatulukira mathithiwo amayiwo ali pomwepo, n'kuwapempha kuti asunthe pang'ono kuti aone bwino. Paliponse pamene Kaphesi ananena kuti "tibwerera pompano," pankamera mtengo wa nsalu. Ndipo paliponse pamene pamera mtengowo, Chizika ankasiya mmodzi wa asilikali a mfuti amene anabwera nawo kuti aulondere, kuopa kuti ungathawe.

Mitengo imeneyi inalibe mizu, koma zipatso inabala. Anthu okhala pafupi nayo anauzidwa kuti malo amene anakwirirapo michombo yawo ndi a mfumu ya ku Tengatenga, ndipo iwo akukhalapo mwa chifundo chabe. Chifundocho ankachilipira polima m'munda wa Chizika pamene minda yawo ikumera tsekera. Anauzidwa kuzula mapira n'kubzala thonje. Nyumba iliyonse inayamba kukhoma msonkho, ngati kuti udzu wa padenga unachokera kutsidya kwa nyanja. Mfumu Sindikana inapatsidwa chipewa chofiira ndi udindo watsopano wakuti Wothandiza wa Mlendo, ndipo inakondwa kwambiri, chifukwa chipewacho chinali ndi ngayaye.

Tsiku lina Chizika anakwera pa chulu cha pamsika kuti alankhule kwa anthu.

"Ine ndakubweretserani kuwala!"

Anthu anayang'ana kumwamba. Linali dzuwa la mwezi wotentha, loswa mtengo.

"Awonjezere pang'ono tipse," ananong'ona wogulitsa mphasa uja.

"Ine ndakubweretserani mtendere!"

"Ndiye mfutizo n'zophera mbewa," anatero mayi wa mbuzi.

"Ine ndakubweretserani ntchito!"

"Eya, apo wanena zoona. Ya thonje ndiyo tikuiona. Mwana wanga analilawa dzulo, akuti silikoma ngakhale ndi mchere."

A Vomerani anaombera m'manja mwamphamvu kuti manong'onong'o asamveke, ndipo anauza Chizika kuti anthu akuthokoza.

Pofika nthawi imeneyi njira zonse za dzikolo zinali ndi mitengo, kupatula imodzi. Mfumu inaitana Kaphesi.

"Mwana wanga, ndaganiza usana wonse. Tatsala ndi njira ya ku Madimba. Kumeneko ndiye kumathero, kuli mtsinje. Ukamufikitsa pamenepo sangachitire mwina, awoloka."

"Gogo Chalo," anatero Kaphesi, "bwanji tingomufunsa tsiku limene adzapite? Mbuzi ya mlanduwo ndipereka ine."

A Vomerani anagwira pakamwa ngati aona njoka m'mtsuko.

"Sindinamve," inatero mfumu mokoma mtima. "Dziko likhoza kutha, koma tisamveke kuti ndife amwano. Mkucha unyamuke naye."

Kaphesi anatuluka n'kulunjika kumsika. Linali tsiku limene Mwatitha ankabwera ndi nzimbe ndi maungu a m'dimba la amayi ake. Anamupeza akusenda nzimbe, ndipo nkhope yake inasonyeza kuti wamva kale.

"Amake Dziwenji, mwayenda bwanji?"

"Ndayenda ndi miyendo yanga, osanyamulidwa. Akuti mukubwera naye kwathu mlendo wanu uja."

"Si ine, ndi lamulo la mfumu."

"Mfumu ndiyo imathirira mpiru wa amayi? Abambo a Dziwenji, tamverani. Phiri munapereka, sindinalankhule. Mathithi munapereka, ndinakhala chete. Inu mukangoti 'tibwerera pompano,' malo apita. Pakamwa panu pakuposa dzombe."

"Ine ndimangoperekeza, mkazi wanga."

"Perekezani. Koma nsalu ija ikakaima m'dimba la amayi, mudzapeza khasu lanu ndi mphasa yanu zili pamphambano, ankhoswe atakhala pambali. Ndipo wokuperekezani ndidzakhala ine. Muone ngati mudzabwerera."

Mayi wa mbuzi anaseka mpaka kutsamwa.

"Koma nditani ine?" anafunsa Kaphesi. "Ndikakana, mfumu. Ndikathawa, mfuti."

"Onyamula machila achokera kuti?"

"Ku Madimba konko. Njira ndi yawo."

Mwatitha analuma nzimbe, anatafuna pang'onopang'ono, analavula zikhungwa.

"Gulani dzungu, abambo a Dziwenji. Mwandiimira pamalonda."

Apa pafunika kudziwa chinthu chimodzi. Mudzi ukauzidwa kuti upereke amuna okanyamula katundu wolemera, supereka ana ake ayi. Umapereka akamwini. Choncho amuna onse amene anafika kudzanyamula Chizika tsiku limenelo anali okwatira ku Madimba: wina kwa aNangondo, wina kwa ang'ono awo, wina kwa asuweni awo. Asilikali onse anali atatha kulondera mitengo, ndiye Chizika ananyamuka ndi mfuti yake yokha. Mtengo wa mbendera anasenzetsa Kaphesi.

Kaphesi anayesetsa, asanamizidwe. Anawadutsitsa m'miyala, m'malo ouma mopanda ngakhale buluzi, akuyembekeza kuti mlendo atopa n'kuzika mtengo wake pamenepo. Koma Chizika anali ndi kachitsulo kake koika padiso, koitana zinthu zakutali. Anakaika padiso ali pamtunda, n'kuona kubiriwira kwa nthochi ndi nzimbe kumunsi.

"Uko!" anafuula. "Uko ine sindinatulukire!"

Anatsetsereka. Kaphesi ankaona m'maganizo khasu lake lili pamphambano, mwana wake Dziwenji akulira, iye akubwerera kwa alongo ake ndi imvi kumutu, kukapempha pogona. Njira inayamba kuchepa. Kudzanja lamanja kunali thope la dambo, kumanzere minga ya kankhande yosakanikirana ndi chitedze. Patsogolo pang'ono, mpanda wa dimba unayamba kuoneka.

Pamenepo, pokhota njira, panatulukira aNangondo.

Sanali okha. Kumbuyo kwawo kunali ang'ono awo, asuweni awo, ndi amayi onse aakulu a mudziwo, mondondozana, makasu paphewa, malichero pamutu. Ena amati Mwatitha ndiye anakonza zimenezi. Ena amati amayiwo anangobwera ndi kamba wa paulendo kuti mlendo apite msanga. Zimenezo musafunse, kufufuza za apongozi a eni ake kumatupitsa milomo.

Ku Khalanipansi mkamwini sakumana maso ndi apongozi ake. Akawaona panjira amapatuka, kulowa patchire, kubisa nkhope mpaka adutse. Kaya patchirepo pali minga, kaya pali njoka, izo n'zake. Tsono apa mkamwini aliyense anaona apongozi ake enieni akubwera, njira ili imodzi.

"Apongozi!" anakuwa wakutsogolo.

Machila anagwa. Sanatsitsidwe ayi, anagwa, ndipo Chizika anagubuduzika n'kukhala m'thope mpaka m'chiuno. Amuna amene anamusenza kudutsa m'malo a mikango osaphethira n'komwe anabalalika ngati nkhanga, ena m'bango, ena m'minga, wina anakwera mtengo wa mkuyu n'kuphimba nkhope ndi masamba.

Kaphesi yekha anatsala chiimire, mtengo uli paphewa, maso ali pansi. Chizika anasolola mfuti m'thope n'kumulozetsa.

"Kaphesi! Ima pomwepo! Zika mtengo! Ukathawa ine ndiwomba!"

Kaphesi anamva mapazi a aNangondo akuyandikira, phwa, phwa. Anayang'ana kamwa la mfuti. Anaganiza kuti mfuti imapha munthu kamodzi, maliro n'kutha, pamene mkamwini woyang'ana apongozi m'maso amaimbidwa pamtondo mpaka adzukulu a adzukulu ake.

"Pepani bwana, wombani!"

Anadumphira m'chitedze ndi mtengo womwe, miyendo yake yaitali ija ikumuthandiza. Mfuti inangoti fwee, chifukwa inali itamwa madzi.

Chizika anatsala yekha. Amayi aja anafika n'kumuzungulira, makasu ali paphewa. ANangondo, kamunthu kakafupi ka imvi, ka dzino limodzi kutsogolo, anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka pamene thope linayambira.

"Ndiye ameneyu?" anafunsa. "Ine ndimayesa chimunthu chachikulu. Mwanawe, amayi ako akudziwa kuti uli kuno?"

Chizika sanamve bwino, koma anaona makasu. Anaona kuti amuna amphamvu athawa kamayi aka kasanakweze n'komwe mawu. Anadzifunsa kuti kakakweza kudzachitika zotani. ANangondo anatula lichero la mbatata zootcha patsogolo pake.

"Kamba uyu. Udye panjira. Ife sitiperekeza, mawondo anatha."

Chizika anavuuka m'thope, nsapato imodzi inatsala momwemo, n'kuyamba ulendo wobwerera. Aka kanali koyamba kuti mapazi ake alawe dziko limene ankati ndi lake, ndipo dzikolo linamulandira ndi minga.

Atafika kulikulu anaitanitsa bwalo iye mwini. Analengeza kuti kutsidya kwa mtunda wa miyala kuli mtundu woopsa wa ankhondo aakazi, amene ngakhale amuna awo amawathawa, ndipo dziko la mfumu ya ku Tengatenga lithera pamtunda pomwepo. A Vomerani anagwirizana nazo, n'kuwonjezera kuti iwo anali kudziwa kalekale.

Kaphesi anafika kunyumba dzuwa likupendeka, thupi lonse lili zidzolo, akudzikanda ngati galu wa nthata. Anayang'ana pamphambano: panalibe khasu, panalibe mphasa. Mwatitha anamukhazika pakhonde n'kuyamba kumuzula minga ndi kumupaka phulusa.

"Khalani bwino, mukugwedezeka ngati mwana."

"Zikuyabwa, amake Dziwenji."

"Ziyabwe. Amayi atuma mawu. Akuti mwa akamwini awo onse, inu ndiye mumathawa mwaulemu. Akuti mzere wa nthochi wa kumunsi uja muzilima ngati wanu."

Kaphesi anasiya kudzikanda. Chikwatire chake anali asanapatsidwepo ngakhale phando limodzi.

Kwina konse kwa Khalanipansi zinthu zinapitirira monga mmene zinalili, thonje likuchuluka, nkhokwe zikuchepa. Amuna atamva kuti kuli mudzi umodzi wopanda mtengo wa nsalu, anayamba kukhamukira ku Madimba kukafunsira mbeta. Ngakhale akazi amasiye opanda mano anapeza owafunsira atatu atatu, n'kumasankha.

Mvula itayandikira, Kaphesi akupalira nthochi zake, anaona munthu wonenepa akubwera ndi kamtolo pamutu, chipewa chofiira chili m'manja. Anali Sindikana. Chizika anali atamuuza kuti nyumba yachifumu nayonso ikhome msonkho, ndipo bwalo la milandu alimepo thonje. Mfumu inavomera monga mwa nthawi zonse, kenako inanyamuka osatsanzika.

"Gogo Chalo! Mwabwera nokha?"

"Tsitsa mawu, Kaphesi. Ndamva kuti aNangondo ali ndi mwana wina wamkazi amene mwamuna wake anamwalira."

Ankhoswe anakambirana, mkaziyo anavomera, ndipo mfumu ya dziko lonse inapatsidwa khasu ndi kanyumba kuseri kwa khola. Popeza Kaphesi ndiye anali mkamwini wamkulu, anapatsidwa ntchito yomuphunzitsa. M'mawa wotsatira anatengana kupita kudimba, mfumu ikupuma mwaphuma, khasu likuigunda m'miyendo. Asanafike pampanda, Kaphesi anamva chifuwa chodziwika bwino pokhota njira.

"Gogo Chalo, akubwera! Patchire!"

"Ine? Pamingapo?"

"Msanga!"

Sindikana anadziponya m'kankhande ngati thumba la chimanga, Kaphesi pambali pake. Anagona chafufumimba, nkhope zili m'dothi. Patapita kanthawi mfumu inanong'ona:

"Kaphesi, ndaganiza. Tsiku lija mlendo anafika, tikanangomufunsa kuti wabwerera chiyani kwenikweni, n'kumuuza kuti ayi..."

Kaphesi anaikankhira mutu pansi.

"Mwachedwa nazo, Gogo Chalo. Bisani nkhope, sanadutse."